Ndodo Yoyezera

Chaka ndi chaka, nkhalango za Nova Scotia zikayamba kupsa masamba,
ena kufiira psuu, ena chikasu,
amandipatsa ndodo yomweyi, yotalika mapazi atatu,
ndi kampando kopinda komwe sindinakhalepo chikhalire.
Ndine woyeza pa mpikisano wa ng'ombe zokoka.

M'mawa chisanu chinali mbuu pa madenga a makola.
Ana anali atasambitsa kale nkhosa zawo ndi sopo.
Kamtsikana ka kwa a Hirtle kankapesa mchira wa thole lake
misozi ili chuchuchu, poti mawa lipita kwa ogula.
Dzungu lopambana analitsitsa mu lole amuna asanu.
Anyezi wokazinga, utuchi wonyowa, ndowe zofuka nthunzi:
zonsezo ndinangozilambalala.
Kwanga n'kubwalo la mchenga.

Pofika madzulo anatsala magoli awiri.
Darlene Corkum ndi ng'ombe zake zofiira, zanthete, zosadziwa kutopa,
ndi Aubrey Wentzell wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi,
amene anandibereka kumsana makilomita atatu
tsiku lomwe chipika chinandithyola mwendo kodula mitengo.

Goli la kuno timamangirira kunyanga ndi zingwe zachikopa,
ng'ombe imakoka ndi chipumi.
Nsonga za nyanga zavala mkuwa, mabelu m'khosi ngwee, ngwee.
Thirakitala inasanjikanso mabuloko a simenti pa chileyi,
chimkuzamawu chinatchula kulemera kwake, anthu anati haa.

Darlene anakuwa kamodzi kokha.
Chileyi chinang'amba mchenga,
ndodo yanga inagona yonse, malo n'kutsalako.

Aubrey sakuwa.
Amaima kutsogolo, dzanja pa nyanga ya Barney,
chikoti chili lende, chongokongoletsa,
n'kumanong'ona zomwe ngakhale malemu mkazi wake sanazimvepo.
Ulendo woyamba unyolo unati ndii, chileyi chinangogwedezeka.
Wachiwiri chinasuntha, chinakwawa, chinaima.
Wachitatu ziboda zinazama mpaka m'misomali,
misana inapindika, dovu linatsika mpaka pansi,
ng'ombe ya kumanzere inagwada bondo limodzi
n'kudzukanso.
Kenako zii.

Ndinagwada nane, mwendo wakale uja ukudandaula.
Ndinagoneka ndodo kuchokera pa chikhomo.
Panatsala zala ziwiri.
Zala ziwiri basi, ndipo m'bwalo lonselo
wopenya mpatawo ndinali ndekha.
Chala changa chachikulu chikanauphimba.
Mchenga suchitira munthu umboni,
ukangoupuntha ndi nsapato waiwala.

Ndinakweza maso kuti ndione nkhope yake.
Ndinangoona msana:
anali atawerama kale, akumasula unyolo.

"Zaperewera," ndinatero, mawu ngati obwereka.
Chimkuzamawu chinabwereza mokweza kuposa mmene ndinkafunira.
M'manja munawombedwa, kaya mwa yani.
Darlene analandira riboni yofiira
n'kuipinda msanga m'thumba la jekete.

Usiku magetsi a chigudumu chonyamula ana ankazungulira kumwamba,
ine ndinazemba kupita kumakola.
Ndinam'peza akupukuta thukuta la Barney ndi chiguduli,
akuzidyetsa maapozi akugwa okha, limodzi limodzi,
goli litatsamira khoma, likadali lofunda.

Ndinayamba kufotokoza za zala ziwiri zija.
"Ndinazimva m'nyanga usanagwade," anatero osatembenuka.
"Ukanati zakwana, ndikanagona bwanji nazo khola limodzi?
Gwira ndowa iyi."

Ndinagwira ndowa.
Ng'ombe inamwa kwa nthawi yaitali, belu likugunda m'mphepete mwa chitsulo,
mpweya wake ukufunditsa zala zanga.
Panja wina ankaitana mwana wosochera,
wina ankalimbana ndi nkhumba yokana kukwera lole.

Ndodo ndinaisiya ku ofesi, kuseri kwa chitseko,
pafupi ndi tsache.